Ndinkalimbana ndi mbozi, chonsecho wondiwonongera munda anali mayi wake

Chaka chimene ntchemberezandonda zachilendo zija zinatipeza kuno ku Dedza ndinagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndigule mankhwala. Ndinapopera katatu. Ulendo uliwonse ndinkaona timbozi takufa apa ndi apo, mtima n'kukhala pansi, koma pakangotha sabata masamba ankakhala atabookabooka, pamtima pa chimanga patadzaza zinyalala zonga utuchi wonyowa. Inali nyengo ya 2017 kulowa 2018. Mu Disembala 2017 ndi pamene tinamva pa wailesi kuti pulezidenti Peter Mutharika walengeza zoti maboma 20 mwa maboma 28 ali pangozi chifukwa cha mbozizi, ndiye sindinali ndekha. Komabe panali chinthu chimodzi chimene chinkandisowetsa tulo.

Munda wanga ndi umodzi, koma chaka chimenecho ndinaubzala kawiri. Kumtunda ndinabzala ndi mvula yoyamba pamodzi ndi mudzi wonse. Mbewu inandithera, ndipo ndinadikira ndalama kwa mwana wanga wa ku Joni, moti chigawo chakumunsi ndinachibzala patatha milungu itatu. Chakumtunda chinagwidwa pang'ono chabe. Chakumunsi chinatheratu, mizere ina osatsala ndi phesi limodzi labwino. Anzanga a m'malire, amene munda wawo ndi wanga timalekana ndi kanjira kokha, chimanga chawo chinali chitafika kale m'chiuno, chobiriwira bii. Kuchitsime ena anayamba kunong'ona kuti pamenepa pali dzanja la munthu. Ndisaname, nanenso zinandilowa m'mutu masiku angapo.

Alangizi athu atabwera ndinawaonetsa botolo la mankhwala ndi kuwadandaulira kuti wa kusitolo anandigulitsa madzi. Iwo sanaliyang'ane n'komwe botololo. Anangofunsa kuti, “Mayi, mazira ake mwawaonapo?”

Ndinaseka. Mazira a mbozi? Ine ndinkaganiza kuti mbozi zimachita kuyenda kuchokera kutchire, monga zinkachitira ntchemberezandonda zathu zakale zija, zakuda, zimene zinkabwera chigulu n'kusesa udzu ndi mawere poyera aliyense akuona. Alangizi anandikhazika pamzere n'kundiuza kuti kambozi kobadwa kumene sikasankha munda. Kamabadwira pamene mayi wake anakasiya. Mayiyo ndi kadziotche wotuwa, wonga aja amazungulira nyali madzulo, ndipo ntchito yake amaigwira usiku ife tili mtulo. Anachokera ku America, anaoneka koyamba mu Africa kumadzulo kwa kontinenti ino kumayambiriro kwa 2016, ndipo pasanathe zaka ziwiri anali atafika pafupifupi m'maiko onse a kumwera kwa Sahara, poti usiku umodzi wokha amatha kuuluka makilomita 100 mphepo ikamuthandiza. “Ndiye inu mayi,” anatero alangizi, “mudzi wonse chimanga chakula, masamba ayamba kulimba, inu nokha mwamuyalira chanthete. Mukanakhala inuyo mukanaikira kuti?”

Sindinayankhe. Dzanja la munthu lija linapezeka kuti ndi langa lomwe.

Madzulo a tsiku lotsatira ndinatenga mdzukulu wanga, amene panthawiyo anali Sitandade 6, tinapita kumunda ndi tochi ya foni. Tinakhala duu pamzere udzudzu ukutidya. Kutangoti bii tinayamba kuwaona, akuuluka motsika, akutera pa tsamba ili, kukhalapo kamphindi, kunyamuka, kutera pa lina. Mwana uja ndiye anali ndi maso. “Agogo, taonani uyu sakuchoka.” Anali kuseri kwa tsamba, chakumunsi kufupi ndi pamene tsamba limagwirana ndi phesi, atapinda kumatako kwake. Atachoka tinapeza kachigamba kotuwa, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chaching'ono, kokutidwa ndi ubweya ngati nkhungu ya pa nsima yogona. Mukanakaona masana mukanati ndi dothi lodumphira kapena ndowe ya mbalame. Nditapalapo ndi kamtengo, pansi pa ubweyawo panali timikanda ting'onoting'ono tothithikana, tina pamwamba pa tinzake.

Pa kachigamba kamodzi kotere pamakhala mazira 100 mpaka 200, ndipo kadziotche mmodzi pa moyo wake waufupiwo amatha kuikira mazira oposa 1,000. Ubweya uja amachita kuuchotsa pamimba pake pomwe kuti abise ana. Kukakhala kofunda mazira amaswa pakatha masiku awiri kapena atatu basi. Timbozi timeneti timayamba ndi kupala tsamba mbali imodzi, n'kusiya timawindo toonekera ngati pepala lopyapyala, kenako tina timalendewera pa kaulusi konga ka kangaude mphepo n'kutiulutsira pa mapesi oyandikana nawo. Ndi chifukwa chake mumapeza chimanga chogwidwa chili pamodzi chigulu, pena pabwinobwino. Zikakula zimalowa pamtima, ndipo poti zimadyana zokhazokha mumapezamo imodzi kapena ziwiri zonenepa, zokhala ndi chizindikiro cha Y wozondoka pamutu ndi timadontho tinayi kumchira. Pamenepo ndi pamene ine ndinkafika ndi mankhwala anga, mbozi itabisala kale mkati, itadzitsekera ndi ndowe zake. Mbuzi zanga zinapita choncho.

Kuyambira usiku umenewo ndinasanduka munthu wachilendo pang'ono, woyenda akutembenuza masamba. Alangizi aja anazindikira kuti zandigwira mtima, ndiye nthawi iliyonse akadutsa ankandisiyira kanthu kena. Anandiuza kuti kadziotche amayamba ndi fungo. Tinyanga take tija ndiye mphuno yake, ndipo mbewu iliyonse ili ndi fungo lakelake limene iye amalimva ali patali mumdima. Akatera amalawa, koma osati ndi pakamwa ayi: amalawa ndi mapazi. Apa ndinawauza kuti alangizi, tsopano mwayamba nthano. Anangoti, “Kunyumba kuli mtengo wa mandimu? Kakhaleni pansi pake masana.”

Ndinakakhaladi. Pali gulugufe wamkulu wakuda wa madontho achikasu amene tonse timamudziwa. Ndinamuona akudutsa mango, kudutsa gwafa, kutera pa mpesa wa pakhonde n'kunyamuka nthawi yomweyo ngati waponda moto. Atafika pa mandimu anayamba kugundagunda tsamba ndi miyendo yakutsogolo, mapiko akunjenjemera, kenako anapinda mimba n'kusiya dzira limodzi lokha, lozungulira, loyererako, pa kamphukira kanthete. Anapita pa nthambi ina n'kusiyanso limodzi. Masamba okhwima sankawalabadira. Patapita masiku ndinapezapo timbozi tooneka ndendende ngati ndowe ya mbalame, takuda ndi zoyera. Uyu amamwaza limodzilimodzi, wa m'chimanga uja amaunjika mulu n'kufunditsa. Aliyense ndi kaleredwe kake, koma onse awiri ana awo sadzawaona, ndiye chimene angawachitire n'chimodzi chokha, kuwasiya pa chakudya choyenera.

Ndinamvetsanso chinthu chimene chinkandizunguza mutu kudimba kwa zaka zambiri. Bedi la mpiru, la repu ndi la kabichi limadyedwa ndi timbozi tobiriwira tating'ono tija timene timadzigwetsa pa ulusi ukatikhudza, pamene bonongwe ndi anyezi zili pambali pomwepo osakhudzidwa. Kununkhira kowawirira kwa mpiru, kumene kumatuluka ukamaufikisa m'manja, ndi chida chimene mbewuyo imathamangitsira tizilombo tambiri. Koma kwa kadziotche wa timbozi timeneti fungo lomwelo ndiye chikwangwani choti pano ndi pakwanu. Mpiru, repu, kabichi ndi chainizi ndi banja limodzi, ndiye ndikamachotsa kabichi n'kuikapo repu ndinkangomusinthira ndiwo mlendo yemweyo.

Kapuchi, mbozi ija yoboola mapesi a chimanga, timakhala naye kuyambira kale, koma sindinkadziwa kuti nayenso ali ndi mayi wosankha. Pali mitundu iwiri imene imavuta kuno. Wina, amene amakonda kumapiri kozizira ngati kwathu kuno, salola kuikira poyera. Amafufuza ndi nsonga ya mimba yake mpaka atapeza kampata pakati pa phesi ndi khungu la tsamba lolikuta, n'kulowetsa mazira mmenemo, moti ngakhale mutatembenuza masamba onse simungawaone. Amakonda chimanga cha milungu yochepa, chisanamasule ngayaye. Winayo, wa kumadera otentha akuchigwa, anachokera ku Asia, ndipo amayala mazira ake pa tsamba m'mbali mwa msempha wapakati, afulatifulati, osanjikizana ngati mamba a nsomba. Kapuchi wathu wakumapiriyu chilimwe chonse amagona m'mapesi ouma kudikira mvula. Ine mapesi ndinkawaunjika pambali pa munda, ena ndinkamangira mpanda wa bafa. Ndinkamusungira ndekha.

Koma chimene ndinakondwa nacho kwambiri, mwina chifukwa cha kaduka ka mbuzi zanga, ndi kumva kuti mayi ameneyu amalakwitsa. Nsenjere, udzu womwewu timadyetsa ng'ombe, umamukopa kadziotche wa kapuchi kuposa chimanga chenichenicho. Amaikirapo mazira ambiri mosangalala. Ana akaswa n'kuyamba kuboola phesi, nsenjere imatulutsa utomoni womata ngati ulimbo, ndipo ambiri amafera pomwepo. Ofufuza a bungwe loona za tizilombo la ICIPE ku Kenya, motsogozedwa ndi Zeyaur Khan, pamodzi ndi anzawo a ku Rothamsted ku Britain, ndi amene anaona kuti kulakwitsa kumeneku kungamuthandize mlimi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, m'minda ya m'mbali mwa nyanja ya Victoria, anakonza njira imene pa Chingerezi amaitcha push-pull, ife pa gulu lathu timangoti kankha-koka. Kuzungulira munda umabzala nsenjere kapena udzu wa brachiaria kuti ukoke, ndipo pakati pa mizere ya chimanga umabzala desmodium, kambewu koyanga ka m'gulu la nyemba, kuti kakankhe. Ntchemberezandonda zatsopanozi zitafika anapeza kuti minda yotere nayonso inkagwidwa pang'ono poyerekeza ndi ya chimanga chokhachokha.

Poyamba ankafotokoza kuti desmodium amathamangitsa kadziotche ndi fungo. Pambuyo pake ofufuza ena anatsutsa, akuti ntchito yaikulu ikugwiridwa ndi timinga tokhota tokhala pa tsinde lake, timene timakola timbozi tikamayenda. Mkangano umenewo ndawasiyira eni ake. Chimene ine ndikudziwa n'chakuti ukadutsa mu desmodium chitenje chimatuluka chitamatidwa kuposa chisoso, ndipo ndinapezapo kangapo timbozi titauma titakodwa pa tsinde lake.

Ndinayesa njirayi pa kachigawo kakumunsi komwe kaja, ndipo sindikunamizani kuti zinali zophweka. Mbewu ya desmodium ndi yosowa. Ndinapeza kachikho kamodzi kudzera pa gulu la alimi, njere zake zazing'ono ngati za mpiru, ndipo chaka choyamba imamera mwaulesi moti aganyu anandipalirira theka akuyesa udzu. Nsenjere nayo imadya malo, mizere iwiri kapena itatu kuzungulira, ndipo ukaiyandikiza kwambiri imalanda chinyezi chimanga cham'mbali n'kufooka. Ikafika nthawi yomasula ziweto, mbuzi za mudzi wonse zimadziwa kuti kwa agogo kuli msipu wobiriwira pamene kwina konse kwauma. Ndinakanganapo ndi anthu chifukwa cha zimenezi mpaka nkhani inakafika kwa amfumu. Chaka choyamba sindinaone kusiyana kwenikweni. Chachiwiri, desmodium atayanga n'kutseka nthaka, ndi pamene ndinayamba kuwerenga zigamba za mazira zochepa kumunsi kuposa kumtunda, chimene chinali chosemphana ndi poyamba paja. Kaufiti, amene ankafiiritsa ngodya ina ya chigawocho chaka ndi chaka, nayenso anachepa kwambiri, poti mizu ya desmodium imamulepheretsa kudziphatika ku mizu ya chimanga. Ameneyo anali basera.

Kwa amene simungapeze desmodium, musataye mtima. Ndinazindikira mochedwa kuti amayi anga, amene sanapite kusukulu, ankalima kale mosokoneza kadziotche. Munda wawo unali ndi chimanga, nyemba, khobwe, nandolo ndi maungu oyanga paliponse, ife ana n'kumachita manyazi kuti munda wakwathu ndi wosalongosoka. Kadziotche akauluka m'munda wotere fungo limamufikira losakanikirana, akatera apeza tsamba la nyemba, akateranso apeza nkhwani, nthawi ikutha. M'munda wa chimanga chokhachokha paliponse pamene watera ndi pakwawo. Kumtunda tsopano ndinabwezeretsa khobwe ndi nandolo, ndipo ngakhale mbozi sizinathe, sizikufikanso pondigulitsitsa chiweto.

Ntchito yeniyeni imene ndimadalira ndi ya manja. Chimanga chikangomera, kawiri pa sabata m'mawa ndimalowa m'munda, osayenda m'mbali ayi, koma mokhotakhota ngati chilembo cha W. Ndimaima malo asanu, pamalo aliwonse ndimayang'ana mapesi khumi, kuseri kwa masamba ndi pamtima. Ndikapeza kachigamba kaubweya ndimakaphwanya ndi zala. Musachite nseru, mwapha mbozi zana ndi chala chimodzi, ndipo simunalipire kalikonse. Ndikapeza timawindo tija ndimadziwa kuti ndachedwa ndi masiku awiri kapena atatu, koma timbozi tikadali poyera ndipo timapheka. Mvula yamphamvu imathandiza, imakokolola tambiri. Kukachita ng'amba ndiye muwirikize kuyendera, chifukwa nthawi imeneyo palibe chotigwetsa. Pa mapesi amene mbozi yalowa kale pamtima ndimathira dothi louma losakaniza ndi phulusa pang'ono. Phulusa lokhalokha lambiri linandiwotchera chimanga chanthete ulendo wina, ndiye musachulutse. Ngati zafika poti mankhwala ndi ofunika, poperani madzulo kapena mbandakucha pamene mbozi zatuluka kudzadya, mulunjike pamtima, ndipo muvale zodziteteza. Ine ulendo woyamba uja ndinapopera dzuwa lili paliwombo, ndi nsapato zapulasitiki, n'kubwerako mutu ukuwawa.

Chinanso chimene mankhwala aja anandiphera osadziwa ndi antchito anga. Nyerere zimanyamula mazira ndi timbozi. Alimi ena kuno amawaza msuzi wa bonya kapena wa usipa, ena madzi a shuga, pamtima pa chimanga kuti aitane nyerere, ndipo nditayesa ndinaonadi mzere wa nyerere ukukwera phesi. Palinso timavu tating'ono kwambiri, tosaoneka bwino ndi maso, timene timaikira mazira ake mkati mwa mazira a kadziotche, moti m'malo mwa mbozi mumatuluka kamavu. Alangizi anandiuza kuti chimanga chikalumidwa chimatulutsa fungo lina limene mavu odya mbozi amalitsata. Ndiye usiku ndi usana m'munda muli amayi ambiri, aliyense akufufuza poika ana ake, wina pa tsamba, wina pa dzira la mnzake. Ukapopera mwachisawawa umapha onse, koma amene amabwerera msanga ndi kadziotche, poti iye amachokera kutali.

Nkhani ya dimba ndiyo inandivuta kuvomera. Mosiyana ndi kapuchi, ntchemberezandonda zatsopanozi sizigona chilimwe. Mbozi ikakhuta imalowa m'dothi pang'ono, n'kusanduka kanthu kofiirira kolimba, ndipo pakatha sabata ndi masiku imatuluka ili kadziotche. Kukakhala kotentha, kuchoka pa dzira kufika pa mayi woikira dzira lina ndi mwezi umodzi wokha. Ndiye kuti zidutse miyezi youma zimafuna chimanga chobiriwira, ndipo chimanga chobiriwira mu Seputembala ndi Okutobala chili kudimba. Ife a m'mbali mwa mtsinje timabzala chamondokwa motsatizana, bedi ili lero, lina pakatha milungu iwiri, kuti tizigulitsa osadukiza. Kwa ife ndi ndalama, kwa kadziotche ndi chanthete chosatha, ndipo mvula ikagwa amangokwera kumtunda. Kusiya dimba sindingathe, ndimo muli sopo ndi fizi. Chimene tinagwirizana ndi anzanga anayi oyandikana nawo ndi kubzala sabata imodzi tonse, kuyendera mazira tsiku limodzi, ndi kulekeza chimanga chakudimba nthawi yobzala kumunda isanayandikire. Mmodzi wa ife samvera, amabzalabe nthawi yake, ndipo dimba lake ndi limene timapitako tikafuna kuonetsa alendo mmene mazira amaonekera.

Ndalama ya ku Joni ikachedwa masiku ano sindidikira. Ndimabzala mbewu imene ndili nayo tsiku limene mudzi ukubzala, potsala ndimaikapo mtedza kapena soya. Mapesi ndimawadula n'kuwagoneka pansi padzuwa, ena ndimapatsa ng'ombe za achimwene, osawaimikanso mulu. Mdzukulu uja pano ali kusekondale yogonera konko, koma Disembala akabwera ku holide chikwama amachiponya pakhonde n'kufunsa kuti, “Agogo, foni ili ndi moto?” Chaka chathachi usiku woyamba tinapeza zigamba zitatu kumtunda, kumunsi chimodzi, ndipo chimodzicho nyerere zinali zitatipitirira kale.